Mafunso ndi mayankho: kuchotseredwa msonkho pokonzanso nyumba zakale ku United States

Ku United States kuli ndondomeko imene boma limasiya kutolera gawo la msonkho kwa munthu kapena kampani imene yakonzanso nyumba yakale yokhala ndi mbiri m'malo moigumula. Ndondomekoyi imadziwika ndi dzina loti Historic Tax Credit, ndipo ili m'gawo 47 la malamulo a msonkho a dzikolo. Mafunso ali m'munsiwa akukhudza momwe imayendera, amene amapindula nayo, ndiponso pamene imatsimphina.

Kodi boma limapatsa mwini nyumba ndalama zoyambira ntchito?

Ayi. Mwini nyumba amadzipezera yekha ndalama zonse, kaya za m'thumba mwake, zangongole ya kubanki kapena za anthu amene wagwirizana nawo, ndipo amagwira ntchitoyo mpaka kumapeto. Ntchito ikatha n'kuvomerezedwa, m'pamene amaloledwa kuchotsa pa msonkho wake ndalama yofanana ndi 20 peresenti ya zimene anawononga pokonza nyumbayo.

Mphamvu ya ndondomekoyi yagona poti ndalamayo imachotsedwa pa msonkho weniweniwo, osati pa phindu limene msonkho umawerengedwerapo. Kampani ya ku America imalipira 21 peresenti ya phindu lake ku boma lalikulu, choncho ikaloledwa kuchotsa madola 100 pa phindu imapulumutsa madola 21 okha, pamene ikachotsa madola 100 pa msonkho imapulumutsa madola 100 onsewo. Tiyerekeze kuti munthu wawononga madola 1,000,000 pa ntchito zovomerezeka. Adzachotseredwa madola 200,000, koma osati nthawi imodzi, chifukwa lamulo la masiku ano limagawa ndalamayo m'zaka zisanu, kutanthauza madola 40,000 chaka chilichonse. Ngati msonkho wake chaka china uli wochepa kuposa pamenepo, yotsalayo siitayika: angathe kuigwiritsa ntchito m'zaka za m'tsogolo, mpaka zaka 20.

Maganizo amenewa anachokera kuti?

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, mizinda yambiri ya ku America inagumula madera athunthu pofuna kumanga misewu ikuluikulu ndi nyumba zamakono. Chimene chinadzutsa anthu ambiri ndi kugumulidwa kwa siteshoni ya sitima ya Pennsylvania Station ku New York, imene inatsegulidwa mu 1910 n'kuyamba kuphwasulidwa mu 1963, itangotha zaka 53. Mu 1966 nyumba ya malamulo inakhazikitsa lamulo loteteza malo a mbiri, ndipo lamulolo linabweretsa kaundula wa dziko lonse wotchedwa National Register of Historic Places.

Koma kulemba nyumba m'kaundula sikuletsa mwini wake kuigumula ndi ndalama zake, ndipo pa nthawiyo malamulo a msonkho ankakomera amene akumanga zatsopano. Mu 1976 malamulowo anasinthidwa kuti ayambe kukomeranso wokonza nyumba yakale. Mu 1981, Ronald Reagan ali mtsogoleri wa dziko, kuchotserako kunafika pa 25 peresenti pa nyumba zokhala ndi mbiri, kuphatikizapo 15 ndi 20 peresenti pa nyumba zina zakale. Mu 1986 kunatsitsidwa kufika pa 20 peresenti, ndipo nyumba zomangidwa chisanafike chaka cha 1936 koma zosalembedwa m'kaundula zinkapatsidwa 10 peresenti. Lamulo la 2017 linathetsa 10 peresentiyo n'kusiya 20 peresenti yokha, ndipo ndi lomwelo linalamula zoigawa m'zaka zisanu.

Kodi nyumba iliyonse yakale ingalowe m'ndondomekoyi?

Kukalamba kokha sikokwanira. Nyumbayo iyenera kukhala yolembedwa payokha m'kaundula wa dziko lonse, kapena ikhale m'dera limene lonse linalembedwa ngati dera la mbiri, ndipo National Park Service, nthambi ya boma yoyang'anira mapaki ndi malo a mbiri, itsimikize kuti ndi imodzi mwa nyumba zimene zimapatsa deralo mbiri yake. Nthawi zambiri nyumba imaganiziridwa ikakwanitsa zaka 50. Sikuti iyenera kukhala yokongola kapena kuti munagonapo munthu wotchuka. Mafakitale oluka nsalu, nyumba zosungiramo katundu, masukulu otsekedwa, mahotela ang'onoang'ono ndi masitolo a m'matauni akumidzi ndi zimene zachuluka.

Chachiwiri n'chakuti ikatha kukonzedwa iyenera kumabweretsa ndalama. Ikhoza kukhala maofesi, sitolo, hotela, fakitale kapena nyumba zogona za lendi. Ntchito yake yatsopano sikuyenera kufanana ndi yakale, ndipo n'chifukwa chake sukulu imasanduka nyumba zogona okalamba, kapena nyumba ya banki n'kukhala malo odyera.

Nanga nyumba imene munthu amakhalamo yekha ndi banja lake?

Imeneyo boma lalikulu siliiwerengera, ngakhale itakhala ndi mbiri yotani. Ngati mwini wake amakhala pamwamba n'kumachititsa lendi sitolo ya pansi, gawo lobweretsa ndalamalo lokha ndi limene lingaganiziridwe. Zigawo zina za dzikolo, monga Virginia ndi Maryland, zili ndi ndondomeko zawozawo zimene zimathandizanso eni nyumba zokhalamo.

Kodi kupenta makoma ndi kumata denga lodontha n'kokwanira?

Ayi, lamulo limafuna ntchito yaikulu. Ndalama zowonongedwa pokonza ziyenera kuposa mtengo wa nyumbayo monga momwe ulili m'mabuku a msonkho, kapena kuposa madola 5,000, kutengera chimene chili chachikulu. Mtengo wa m'mabukuwo amaupeza potenga ndalama zogulira, n'kuchotsapo mtengo wa malo, n'kuwonjezerapo zimene zinakonzedwa kale, n'kuchotsaponso zimene mwini wake wakhala akuchotsera chaka ndi chaka chifukwa cha kutha kwa nyumba. Munthu amene wagula nyumba pa madola 500,000, pamene malo okha ndi a madola 100,000, ayenera kuwononga ndalama zoposa madola 400,000, ndipo atero m'miyezi 24, kapena m'miyezi 60 ngati mapulani ake anasonyezeratu kuti ntchito idzagwiridwa m'magawo.

Lamuloli lili ndi zotsatira zimene ambiri saziyembekezera. Nyumba yotha kwambiri, imene inagulidwa motchipa m'tauni yofooka, imadutsa mosavuta, pamene nyumba ya m'mzinda wodula imene ikungofuna kukonzedwa pang'ono imalephera. Pamenepa ndondomekoyi imalozadi kumene kuli vuto.

Ndi ndalama ziti zimene zimawerengedwa?

Zimawerengedwa ndalama zolowa m'nyumba yeniyeniyo: makoma, denga, pansi, mawindo, zitseko, masitepe, mapaipi a madzi, mawaya a magetsi, zikepe, makina otenthetsera ndi oziziritsira, pamodzi ndi malipiro a ojambula mapulani ndi mainjiniya. Sizimawerengedwa ndalama zogulira nyumba ndi malo, zomangira chipinda chatsopano chokulitsira nyumbayo, zokonzera malo oimikapo galimoto, mpanda, kapinga ndi maluwa, ngakhalenso zogulira mipando.

Munthu amayambira pati, ndipo amene amavomereza ndani?

Pali maofesi atatu. M'chigawo chilichonse muli ofesi yoona za malo a mbiri, ndipo ndi imene imalandira mafomu, kuyendera nyumba ndi kupereka maganizo ake. National Park Service, imene ili pansi pa unduna wa Department of the Interior, ndi imene imagamula ngati nyumba ndi ntchito zikuyenera. Bungwe lotolera msonkho la IRS limaona za ndalama zokha.

Fomu ili ndi magawo atatu. Gawo loyamba limasonyeza kuti nyumbayo ili ndi mbiri. Gawo lachiwiri limafotokoza ntchito imene ikufuna kugwiridwa, chinthu chimodzichimodzi, ndi zithunzi zosonyeza momwe chilili panopa pamodzi ndi mapulani a momwe chidzakhalire. Gawo lachitatu limatumizidwa ntchito itatha, ndi zithunzi zatsopano zojambulidwa pamalo omwe aja.

Malangizo amene maofesiwa amabwereza kawirikawiri ndi oti munthu asagwire hamala gawo lachiwiri lisanavomerezedwe. Lamulo sililetsa kuyamba msanga, koma woyamba msanga amadziika yekha pa chiswe, chifukwa khoma likagwetsedwa kapena mawindo akale akatayidwa palibenso njira yobwezera, ndipo cholakwa chimodzi chachikulu chikhoza kulepheretsa ntchito yonse, osati gawo lolakwikalo lokha. Amene sanajambule zithunzi ntchito isanayambe amavutikanso, popeza oyendera sangadziwe chimene chinalipo.

Kodi kukonza moyenera kumatanthauza chiyani?

Pali mfundo khumi zimene unduna wa Department of the Interior unakhazikitsa, ndipo ntchito iliyonse imayezedwa ndi zimenezo. Mutu wake ndi woti chimene chingakonzedwe chikonzedwe, chisasinthidwe. Ndipo ngati chawonongekeratu, cholowa m'malo mwake chifanane ndi chakalecho m'maonekedwe, mtundu ndi kapangidwe.

Mikangano yambiri imabuka pa mawindo. Womanga amafuna kuchotsa mawindo onse amatabwa n'kuikapo apulasitiki, chifukwa ndi otchipa ndipo amaikidwa tsiku limodzi. Oyendera amafuna kuona windo lililonse palokha. Kawirikawiri chimene chafumbwa ndi thabwa la m'munsi lokha, pamene madzi a mvula amaima, ndipo kalipentala wodziwa ntchito amadula pofumbwapo, n'kulumikiza thabwa latsopano, n'kuchotsa phula lakale logwira galasi, n'kumatanso. Matabwa a nyumba zambiri zakalezo anachekedwa ku mitengo yokhwima ya m'nkhalango zachilengedwe, ndipo ndi olimba kuposa ambiri ogulidwa lero.

Nkhani ya njerwa ndi yofanana. Njerwa zakale ndi zofewa, ndipo zinamangidwa ndi matope a laimu, amene ndi ofewa kuposa njerwazo, kotero kuti khoma likamafufuma ndi kunyala chifukwa cha kutentha ndi kuzizira, chimene chimagonja ndi matopewo. Mmisiri akamata mizere yake ndi simenti yolimba ya masiku ano, chinyezi chimasowa potulukira, ndipo pakapita zaka nkhope za njerwa zimayamba kusweka n'kumagwa, simenti ili chiimire. Kutsuka khoma powomba mchenga ndi makina n'koletsedwa pa chifukwa chonga chomwecho: mchengawo umachotsa khungu lolimba limene njerwa inapeza pootchedwa, ndipo mkati mofewamo mumayamba kumwa madzi.

Mfundozi siziletsa zatsopano. Zikepe, njira zolowera anthu oyenda pa njinga za olumala, mapaipi ozimitsira moto ndi zipinda zowonjezera zonse zimaloledwa, malinga zisawononge zimene zimapatsa nyumbayo mbiri yake. Chowonjezeracho chiyenera kuoneka kuti n'chatsopano, osanamizira kuti n'chakale, ndipo chimangidwe mwa njira yoti chitadzachotsedwa nyumba yakaleyo idzatsale yathunthu. Mkati mwa nyumba namonso amayang'anamo. Holo yaikulu ya sukulu kapena makonde ake aatali sizingangodulidwa kukhala tizipinda chifukwa choti mwini wake akufuna malo ambiri a lendi, ndipo apa m'pamene eni nyumba amadandaula kwambiri, nthawi zina ndi chifukwa chomveka, popeza oyendera awiri akhoza kuona khonde limodzi mosiyana.

Chimachitika n'chiyani munthu akagulitsa nyumbayo atangochotseredwa msonkho?

Boma limafuna kuti akhale nayo zaka zisanu. Akagulitsa, kapena nyumbayo ikasiya kubweretsa ndalama, kapena akaisintha mophwanya mfundo zija nthawiyi isanakwane, amataya mwayiwo n'kubweza: wonse ngati zachitika m'chaka choyamba, ndipo gawo lobwezedwalo limatsika ndi 20 peresenti chaka chilichonse. Zaka zisanu zikatha, ndondomekoyi ilibenso mphamvu pa nyumbayo, ndipo chimene chingaiteteze ndi malamulo a mzinda umene ilimo, ngati alipo.

Bwanji ngati wokonza nyumbayo salipira msonkho wochuluka chotero?

Ili ndi funso limene limasonyeza momwe ndondomekoyi imayenderadi. Omanga ambiri, mabungwe othandiza anthu ndi makhonsolo alibe msonkho waukulu woti achotserepo madola mamiliyoni. Choncho amaitana kampani imene imalipira msonkho wambiri, kawirikawiri banki kapena kampani ya inshulansi, kuti ikhale mnzawo m'umwini wa nyumbayo. Kampaniyo imaika ndalama zake pa ntchito yomanga, ndipo kuchotseredwa msonkho kumapita kwa iyo. Mwa njira imeneyi, lonjezo la msonkho wa m'tsogolo limasanduka ndalama zogulira simenti lero.

Kuchotseredwa kwa boma lalikulu sikugulitsidwa ngati katundu wa pamsika. Wolandirayo ayenera kukhaladi mwini. Zimenezi zinaonekera pa mlandu wa holo ya Boardwalk Hall ku Atlantic City, m'chigawo cha New Jersey, imene inamangidwa mu 1929. Bungwe la boma la chigawocho linagwirizana ndi kampani ya Pitney Bowes, koma mu 2012 khoti la apilo linagamula kuti kampaniyo sinali mwini weniweni, chifukwa mgwirizano wawo unaiteteza kotheratu moti sikanataya kanthu ntchito ikanalephera. Chigamulocho chinachititsa mantha oika ndalama, ndipo ntchito zambiri zinaima kufikira pamene IRS inatulutsa malangizo otchedwa Revenue Procedure 2014-12, ofotokoza mgwirizano umene sidzautsutsa.

Anthu wamba a m'deralo, amene alibe nyumba yoti akonze, amapindula chiyani?

Choyamba ndi ntchito. Pomanga nyumba yatsopano, gawo lalikulu la ndalama limapita ku zitsulo, magalasi ndi zipangizo zopangidwa kutali. Pokonza yakale, makoma ndi maziko zilipo kale, ndipo ndalama zambiri zimapita kwa anthu: omanga, akalipentala, mapulambala, amagetsi, opaka pulasitala ndi openta. Ntchito yokonza windo la zaka 100 siingatumizidwe kunja kwa dziko, ndipo malipiro a amisiriwo amathera m'masitolo a m'tauni yomweyo.

Chachiwiri ndi nyumba zogona. Gawo lalikulu la ntchitozi limatulutsa nyumba za lendi, ndipo omanga ambiri amaphatikiza ndondomekoyi ndi ina ya 1986 yochotsera msonkho omanga nyumba za anthu opeza zochepa. Ziwirizi zikaphatikizidwa, fakitale kapena sukulu yotsekedwa imatha kukhala nyumba zimene lendi yake ili ndi malire olembedwa m'lamulo, ndipo nthawi zambiri zimakhala pakati pa tauni, pafupi ndi mabasi, zipatala ndi malo a ntchito.

Chachitatu ndi chuma cha mzinda. Ku America masukulu a boma, apolisi ndi ozimitsa moto amadalira kwambiri msonkho wa nyumba ndi malo umene mzinda kapena dera limatolera. Nyumba yosiyidwa imalipira zochepa kwambiri, imagwetsa mtengo wa nyumba zoyandikana nayo, ndipo imakhala malo a moto ndi umbava. Ikayambanso kugwira ntchito imalipira msonkho, ndipo misewu, mapaipi ndi mawaya zofika pamenepo zinalipiridwa kale ndi mibadwo yapita, kusiyana ndi pomanga kuthengo kunja kwa mzinda.

Chitsanzo chooneka bwino ndi Crosstown Concourse ku Memphis, m'chigawo cha Tennessee. Nyumbayi inamangidwa mu 1927 ngati sitolo ndi malo otumizira katundu a kampani ya Sears, ndipo inatsekedwa mu 1993. Inakhala yopanda kanthu zaka zoposa 20, yaikulu kwambiri moti kuigumula komwe kunali kodula. Inatsegulidwanso mu 2017 pambuyo pa ntchito ya madola pafupifupi 200 miliyoni, ndipo kuchotseredwa msonkho kunali gawo limodzi la ndalamazo. Lero muli chipatala cha Church Health chothandiza anthu ogwira ntchito amene alibe inshulansi, sukulu ya sekondale, malo a zaluso, masitolo ndi nyumba zogona, zonse pansi pa denga limodzi. Ku Durham, m'chigawo cha North Carolina, mafakitale a kampani ya American Tobacco anasiya kupanga ndudu mu 1987, ndipo kuyambira 2004 nyumba zanjerwa zomwezo zili ndi maofesi, malo odyera ndi wailesi, chumuni ndi thanki ya madzi zolembedwa Lucky Strike zikadali chilili.

Pali phindu linanso losawerengeka ndi madola. Anthu amene makolo awo anagwira ntchito m'fakitale ina kwa zaka makumi angapo amatha kulowamo ndi ana awo n'kuwasonyeza pamene panali makina. Mbiri ya antchito, ya anthu akuda ndi ya obwera kuchokera kunja nthawi zambiri siili m'zipilala, ili m'nyumba wamba zoterezi.

Kodi boma silitaya ndalama?

Limataya msonkho umene likanatolera, ndipo zimenezi siziyenera kubisidwa. Kuyambira 1976 nyumba zoposa 45,000 zakonzedwa kudzera m'ndondomekoyi, ndipo ndalama za anthu ndi makampani zimene zalowamo zikuposa madola 100 biliyoni. Kafukufuku amene yunivesite ya Rutgers yakhala ikuchitira National Park Service amapeza kuti msonkho umene boma lalikulu limatolera kuchokera ku malipiro ndi malonda obwera chifukwa cha ntchitozi umaposa umene linasiya.

Kafukufukuyo ayenera kuwerengedwa mosamala. Amawerengera ngati kuti ntchito zonsezo sizikanachitika popanda kuchotseredwa msonkho, pamene zina, makamaka za m'mizinda yolemera, zikanachitikabe. Kumene mfundoyi ili yolimba ndi m'matauni amene mtengo wokonzera nyumba umaposa mtengo umene nyumbayo ingagulitsidwe ikatha. Kumeneko banki siibwereketsa ndalama zokwanira, ndipo 20 peresentiyo ndi imene imatseka mpatawo.

Nanga pa chilengedwe?

Bungwe la boma loona za chilengedwe la EPA linawerengera kuti mu 2018 dzikolo linatulutsa matani 600 miliyoni a zinyalala za zomangamanga, ndipo zoposa 90 peresenti zinachokera ku kugumula. Njerwa, simenti ndi zitsulo zili m'nyumba yakale zinawononga kale nkhuni, malasha ndi mafuta pozipanga. Kafukufuku wa bungwe la National Trust for Historic Preservation anapeza kuti nyumba yatsopano yosawononga magetsi ikhoza kutenga zaka 10 mpaka 80 kuti ibweze mpweya woipa umene unatuluka poimanga.

Otsutsa ndondomekoyi amati chiyani?

Dandaulo lalikulu ndi loti dera likakongola lendi imakwera, ndipo anthu amene anapirira m'deralo pa nthawi ya mavuto amasamuka chifukwa sangathenso kulipira. Dera la Over-the-Rhine ku Cincinnati limatchulidwa kawirikawiri: nyumba zake zambiri za m'zaka za m'ma 1800 zapulumuka, koma mabanja ambiri osauka, makamaka akuda, achokamo. Dandauloli ndi loona, ndipo gwero lake lili m'lamulo lenilenilo, limene limafunsa za njerwa ndi mawindo koma silifunsa kuti adzakhalamo ndani. Pamene lendi yatetezedwa, yatetezedwa chifukwa cha ndondomeko ina yophatikizidwapo kapena chifukwa choti mzinda unaika malamulo ake popereka malo ndi chilolezo.

Dandaulo lachiwiri ndi loti imakomera olemera. Kugwirizana ndi banki kumafuna maloya, owerengera ndalama ndi akatswiri a mbiri ya nyumba, ndipo malipiro awo satsika kwenikweni ntchito ikakhala yaing'ono. Mwini sitolo ya nsanjika ziwiri m'tauni yakumidzi akhoza kupeza kuti zolipira akatswiri zadya gawo lalikulu la phindu lake, ndipo mabanki akuluakulu sachita chidwi ndi ntchito zazing'ono. Kumbali inayo, hotela yapamwamba imalandira 20 peresenti yomweyo popanda malire. Nyumba yakale ya positi ofesi ku Washington, imene kampani ya Donald Trump inabwereka ku boma kwa zaka 60 n'kuitsegula ngati hotela mu 2016, inapindula ndi ndondomekoyi mofanana ndi nyumba za okalamba. Aphungu a zipani zonse ziwiri akhala akubweretsa bilu yokweza gawo la ntchito zing'onozing'ono kufika pa 30 peresenti pofuna kuchepetsa kusiyanaku.

Kugawa ndalamayo m'zaka zisanu kunasintha chiyani, poti chiwerengero chake n'chomwecho?

Chiwerengero n'chomwecho koma mtengo wake unatsika. Akuluakulu amati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo, ndipo mabanki amaganiza chimodzimodzi: dola yolandira zaka zisanu zikubwerazo amaigula motsika kuposa dola yolandira chaka chino. Choncho womanga amalandira ndalama zochepa kuchokera kwa mnzake woika ndalama, ndipo mpata wotsalawo ayenera kuutseka ndi ngongole ina. Komabe ochirikiza ndondomekoyi anaona zotsatira za 2017 ngati kupulumuka, chifukwa bilu yoyamba ya nyumba ya malamulo yaing'ono inkafuna kuithetseratu. Nyumba ya malamulo inasonyezapo kale kuti ikhoza kukweza gawoli pakagwa tsoka: mphepo ya mkuntho ya Katrina itawononga New Orleans ndi madera oyandikana nawo mu 2005, inalikweza kwa kanthawi kufika pa 26 peresenti m'madera okhudzidwawo.

Kodi zigawo za dzikolo zimawonjezerapo zawo?

Zigawo zoposa 35 zili ndi ndondomeko zawo, ndipo munthu akhoza kulandira za chigawo ndi za boma lalikulu pa nyumba imodzi. Missouri inayamba kupereka 25 peresenti mu 1998, ndipo nyumba zakale za mafakitale a nsapato ndi zovala mumsewu wa Washington Avenue ku St. Louis zinasanduka nyumba zogona m'zaka zotsatira. Texas inayamba kupereka 25 peresenti mu 2015. M'zigawo ziwirizi satifiketi ya kuchotseredwa msonkho imatha kugulitsidwa kwa wolipira msonkho wina aliyense, chinthu chimene chimathandiza mabungwe ndi eni nyumba ang'onoang'ono, popeza safunika kulowetsa banki m'umwini wa nyumba yawo. Zigawo zina zimaika malire a ndalama zoperekedwa pa chaka, ndipo kumeneko ntchito zimapikisana.

Kodi munthu wobadwira kunja amene akukhala ku America angalowe nawo?

Lamulo limayang'ana wolipira msonkho ndi nyumba, osati kumene munthu anabadwira. Amene ali ndi nyumba yoyenera m'dzikolo ndipo amalipira msonkho kumeneko akhoza kupempha, ngakhalenso amene wabwereka nyumba kwa nthawi yaitali, malinga zaka zotsala za mgwirizano wake zikhale zosachepera 39 pa nyumba yamalonda, kapena 27.5 pa nyumba zogona za lendi. Munthu payekha ayenera kufunsa katswiri wa msonkho asanagule, chifukwa pali malamulo ena ochepetsa ndalama imene munthu wosachita malonda a nyumba ngati ntchito yake yeniyeni angachotse pa msonkho wa malipiro ake. Nyumba ya kunja kwa United States siilowa m'ndondomekoyi.

Kodi mayiko ena amachita chimodzimodzi?

Njira zimasiyana. France ili ndi lamulo la 1962 lotchedwa ndi dzina la nduna ya zachikhalidwe André Malraux, limene linakhazikitsa madera otetezedwa m'mizinda yakale, ndipo masiku ano eni nyumba amene akonza nyumba za lendi m'madera oterowo amachepetseredwa msonkho. Ku Britain zinthu zili mwina: kumanga nyumba yogona yatsopano kulibe msonkho wa VAT, pamene kukonza nyumba yakale nthawi zambiri kumalipitsidwa 20 peresenti, ndipo mu 2012 boma linachotsa mwayi umene unalipo pa ntchito zina zosintha nyumba zotetezedwa. Mabungwe oteteza nyumba zakale kumeneko akhala akudandaula kuti msonkho wotere umachititsa kugumula kukhala kotchipa kuposa kukonza, ndipo chithandizo chochuluka chimene nyumba zotere zimalandira chimachokera ku thumba la lotale la National Lottery Heritage Fund ndi ku mabungwe monga Historic England.